Kunja kwa Mzere wa Phulusa

Sonkhezerani nkhunizo, chifukwa nkhaniyi ikuchokera kozizira, kunsi kwa phiri la Mulanje, kumene tiyi anakuta zitunda zonse ndipo chiperoni chimalowa m'mudzi osaodira.

Kumeneko kuli midzi iwiri yoyang'anana. Anthu anatopa nawo mayina ake enieni, amangoti Kumtunda ndi Kudambo. Midzi ina ikafuna kusangalala imamenya mpira wamiyendo, koma iwiriyi inagwidwa ndi nthenda yachilendo yotchedwa kiriketi. Makolo awo ankatolera mipira azungu a ku esiteti akamasewera, ndipo anaba masewerowo ndi maso. Azunguwo anapita kwawo, nthenda inatsala.

Kwa inu amene simunaonepo, kiriketi ndi wotere. Amakhoma zikhomo zitatu pansi. Wina amaponya mpira waung'ono wolimba ngati mwala kuti azigwetse, wina amaima patsogolo pa zikhomozo ndi thabwa, kuumenya mpirawo kuti upite kutali iye athamange. Akaumenya m'mwamba, wina n'kuuwakha usanagunde pansi, womenyayo watuluka, akakhale aonere anzake. Koma ukakhudza udzu, ngakhale pang'ono chabe, sanatuluke. Bwalo lake amalizunguliza ndi mzere wa phulusa limene amayi amabweretsa m'mabeseni.

Woimbira analibe, ankati masewero a pachibale safuna wapolisi. M'malo mwake anali ndi lamulo. Mpira ukawakhidwa chamunsi mokayikitsa, womenya ankafunsa wowakhayo pamaso pa onse kuti, “Mwawakha?” Iye ankayankha kuti “Ndawakha” kapena “Wagunda pansi,” ndipo mawu akewo ndiwo anali chigamulo. Wotsutsa mawu amenewo ankasiya thabwa n'kutuluka kunja kwa mzere wa phulusa, osaloledwa kuwolokanso mpaka munthu amene anamutsutsa uja atamupatsa thabwa ndi manja ake n'kunena kuti, “Bwererani pabwalo.” Nkhani zotere sizinkatha masabata awiri, anthu ankakhululukirana pa chikho cha thobwa. Lamulo lina linali laling'ono: zikhomo sizigona pabwalo. Mdima ukayamba amazula, kuopa chiswe.

A Dayitoni Namakhwa anali a Kumtunda, kapitawo wa othyola tiyi. Mchemwali wawo, Esinati, anakwatiwa ndi a Layisoni a Kudambo, amene anadzamanga Kumtunda monga mkamwini, koma Loweruka likafika ankawoloka mtsinje kukasewerera kwawo. A Layisoni anali munthu wanthabwala, wosuta chingambwe, ndipo ankasewera opanda nsapato. Phazi lawo lakumanzere linalibe kachala kakang'ono, chikwanje chinakadya akudulira tiyi. Asanamenye mpira ankagogoda thabwa pansi katatu, gu, gu, gu, ngati munthu wofuna kuti amutsegulire.

Awiriwa ankakondana, koma chikondi cha pachilamu chili ndi mano. A Dayitoni ankathamanga bwino ndithu, vuto linali manja. Mpira ukabwera kwa iwo unkaterereka, ndipo a Layisoni anawapatsa dzina loti Manja a Therere. Dzinalo linamera mizu. Ana ankaliimba, ngakhale mkazi wawo ankalitchula akagwetsa kapu. Iwo ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawawa.

Tsiku lina, zaka makumi atatu ndi zitatu zisanachitike zimene ndikufuna kukuuzanizi, a Layisoni anamenya mpira chamunsi kulowera ku chulu cha m'mphepete mwa bwalo, kumene kunaima a Dayitoni. A Dayitoni anadziponya chafufumimba. Mpira unapsopsona udzu, kutalika kwa chala chimodzi patsogolo pa manja awo, n'kudumphira m'manjamo. Iwo anaona. Koma asanadzuke n'komwe, Kumtunda konse kunali kutaimirira, nthungululu zili wee, anyamata akuthamanga kudzawanyamula. Zaka zonsezo palibe anawaimbirapo nthungululu.

A Layisoni anafunsa akuseka, “Alamu, mwawakha?”

“Ndawakha.”

Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono. A Layisoni anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Alamu, mpira uja wagunda pansi.”

A Layisoni ankalidziwa lamulo. Anagoneka thabwa pa udzu, nayenda mpaka kudutsa mzere wa phulusa, osacheuka.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse a Layisoni ankabwera kudzaima kunja kwa mzere, pafupi ndi chulu, m'mphepete mwa tiyi, manja atapinda pachifuwa. Sankakwiya. Ankapereka moni, ankaseka wina akaphonya, ankangodikira. A Dayitoni ankadziwa kuti ayenera kungonyamula thabwa n'kunena mawu awiri okha. Koma popereka thabwa pamafunika kuyang'anana m'maso, ndipo maso a alamu awowo sankatha kuwapirira. Ankadziuza kuti sabata yamawa, anthu aiwale kaye. Sabata yamawayo ikafika ankati inayo. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Mvula inayamba, masewero anaima, a Layisoni anadwala chifuwa, ndipo chimanga chisanache anawaika m'manda a kwawo Kudambo.

Chodabwitsa n'chakuti bodza lija linawayanja a Dayitoni. Dzina la Manja a Therere linafa. Anthu anayamba kuwatchula munthu woona, amene sakondera ngakhale mlamu wake. Kutchalitchi anawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Mwana wa malemu, Yosamu, anamulera iwo monga amalume ake, kumuphunzitsa sukulu, kumuphunzitsanso kugwira thabwa. Yosamu anakula akumva anthu akunong'ona kuti bambo ake anali a makani, ndipo anakhala munthu wosatsutsa kanthu, ngakhale atamuponda chala. Atakula anasankha kusewerera Kudambo, kwawo kwa bambo ake. A Dayitoni ankamuonera atakhala pampando wa ndalema, mutu wayera, mtima ukuwaluma mwakachetechete.

Ndiye chaka cha nkhani yathuyi, m'mwezi wa Julaye, Yosamu, tsopano bambo wa ana atatu, anaganiza zochotsa udzu panyumba ya mayi ake kuti akhome malata. Akusasula denga anapeza chinthu chokulungidwa m'saka, chosomekedwa pa mtanda wa denga. Linali thabwa la bambo ake. Chiswe sichinalikhudze.

Analitengera kwa amalume ake akumwetulira. “Malume, taonani. Amayi akuti anabisa okha chaka chija. Ndalipaka mafuta, Loweruka ndimenyera lomweli.”

A Dayitoni sanalikhudze. Anangoti, “Lakalamba limenelo, lithyoka.”

“Likathyoka lithyokere pabwalo, malume. Lakhala mumdima kokwanira.”

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likupendeka, a Dayitoni ali pakhonde anamva phokoso kuchokera kubwalo. Gu, gu, gu. Kenako zii. Anafunsa mkazi wawo ngati wamva.

“Wina akuwaza nkhuni,” anatero mayiwo.

“Nkhuni amawaza katatu basi?”

Mayiwo anawayang'ana, nalowa m'nyumba. Mawa lake phokoso lija linamvekanso nthawi yomweyo, mkuja wakenso chimodzimodzi. A Dayitoni anayamba kulowa m'nyumba dzuwa likadali pamwamba, ati kukuzizira.

Loweruka m'mawa Yosamu anadzuka n'kupeza thabwa palibe kuseri kwa chitseko kumene analiimika. Anafunsa ana, anafunsa mkazi wake, anasuzumira ndi m'khola la mbuzi momwe. Amene analipeza anali amayi okathira phulusa kubwalo. Linali litatsamira chulu, kunja kwa mzere wakale. Thabwa lonse linali lonyowa ndi mame, koma chogwirira chake chinali chouma.

Yosamu anaseka, nati ndi anyamata a Kumtunda akufuna kumuopseza. A Dayitoni atamva anafunsa funso limodzi lokha, “Kunja kwa mzere kapena mkati?” Atauzidwa kuti kunja, anakhala pansi.

Masana, akupita kubwalo ndi mpando wawo paphewa, anakumana ndi Abiti Sumani, mayi wogulitsa zitumbuwa, akuchokera kuchigayo ndi thumba pamutu.

“A Namakhwa, mwakumana naye mlendo wanu?”

“Mlendo wanji?”

“Bambo wina, ndamupeza pa mabulugama paja. Wandifunsa ngati masewero alipo lero, ndati alipo. Akuti, nanga a Dayitoni akakhalako? Ndati iwo saphonya. Wathokoza bwinobwino, munthu waulemu.”

“Wooneka bwanji?”

Abiti Sumani anakonza thumba pamutu. “Ha, mwandifunsa. Malaya oyera, akalekale. Wopanda nsapato, kuzizira konseku. Koma nkhope yake,” anaima kaye, “ndamuyang'ana ndithu, koma nkhope sindikuikumbuka.”

A Dayitoni anaganiza zobwerera kunyumba. Koma akanati chiyani kwa anthu? Zaka zonsezo sanajombepo. Anapitirira.

Masewero anayamba cha m'ma folo koloko, anthu ataweruka kumunda. Anali masewero a chibwana cha akuluakulu monga mwa nthawi zonse. Woponya wa Kudambo anali telala wamimba yaikulu amene ankapuma kawiri asanafike poponyera. Wa Kumtunda wina anavala nsapato za mitundu iwiri. Amayi anakhala pa zitenje, akugawana nthochi ndi kunyoza amuna awo mokweza. Mayi Esinati, amene anasiya kubwera kubwalo chimwalirire amuna awo, tsiku limenelo anabwera, nakhala paokha atafunda shawelo. Ankafuna kuona thabwa lija likugwiranso ntchito.

A Kumtunda anayamba kumenya. Pasanapite nthawi mphunzitsi wina anamenya mpira mwamphamvu, unadutsa chulu n'kukagwera pakati pa tiyi. Anthu anadandaula, chifukwa mpira ukalowa mu tiyi umadya theka la ola kuufuna, ndipo anali nawo umodzi wokha. Amuna awiri ananyamuka. Asanafike, masamba a tiyi anagwedera, mpira unatuluka ukugubuduka pang'onopang'ono, n'kudzaima pamzere penipeni pa phulusa.

“Zikomo kumeneko,” anatero mmodzi, akuganiza kuti muli wothyola tiyi. Palibe anayankha.

Zitachitika kachiwiri, palibe anathokoza. Wina anautola mpirawo, naupukuta pa buluku nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Galu wa telala, amene nthawi zonse ankathamangira mpira kulikonse, anagona pansi pa benchi mchira uli pakati pa miyendo. Amayi amene anakhala chakuchulu anayamba kusuntha zitenje zawo mmodzimmodzi, wina ati kuli nyerere, wina ati kukubwera mphepo. Palibe ananena chimene aliyense ankaganiza.

A Kumtunda atatha, inafika nthawi ya a Kudambo kumenya. Pamenepo kunabwera uthenga woti mkazi wa wosewera wina wa Kumtunda wayamba kudwala matenda a amayi, ndipo bamboyo anakwera njinga osatsanzika. Kaputeni wa Kumtunda, a Fulaye, anayang'ana uku ndi uku, nafika pa mpando wa ndalema.

“Akuluakulu, tithandizeni. Simuthamanga ayi, mungoima. Malo anu akale aja, kuchulu.”

“Mawondo anga anatha, Fulaye.”

“Manja ndiye alipo. Si inu munawakha mpira umene mpaka lero timauuza ana?”

Anthu anaombera m'manja. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera ndi m'manja momwe. A Dayitoni anadzuka, navula jekete, nayenda kupita kuchulu ngati mbuzi yopita kumsika.

Anaima mapazi atatu mkati mwa mzere, nsana atalozetsa ku tiyi. Dzuwa linali litatsamira chitunda, ndipo kuphiri kunayamba kutsika chiperoni, choyera, chonyowa, chikumeza mizere ya tiyi umodziumodzi. Poyamba anamva kuzizira pakhosi. Kenako anamva fungo. Linali la chingambwe, fodya amene m'midzi iwiriyo palibe ankasutanso.

Sanacheuke. Anayang'anitsitsa woponya, anayang'anitsitsa zikhomo. Koma diso lili ndi ngodya yake imene silimvera mwini, ndipo pangodya imeneyo, kudzanja lamanzere, panali choyera choimirira, chotalika ngati munthu, chopinda manja. Sichinkasuntha. Sichinkaopseza n'komwe. Chinkangodikira moleza mtima, monga chinkachitira kale, ndipo kuleza mtimako ndiko kunawapweteka a Dayitoni kuposa mantha.

A Kudambo ankatuluka mmodzimmodzi, anthu akuseka mochepa kusiyana ndi poyamba. Yosamu yekha ndiye anakhazikika. Thabwa lakale lija linkalira bwino m'manja mwake. Mdima utayamba kusonkhana m'munsi mwa mitengo, a Fulaye anati, “Mpira womaliza uwu, sitikuonanso bwino.” A Kudambo ankafunika kuthamanga kawiri kokha kuti apambane, ndipo womenya anali Yosamu.

Yosamu anaima patsogolo pa zikhomo. Anatsitsa thabwa, naligogoda pansi. Gu, gu, gu.

Mayi Esinati anagwira pakamwa. Mwana wawoyo anali asanachitepo zimenezo, ndipo pambuyo pake iye mwini anati sakukumbuka kuti anagogoda.

Mpira unaponyedwa, thabwa linalira, mpira unabwera chamunsi kulunjika kuchulu. A Dayitoni sanaganize. Mawondo otha aja anapinda okha, anagwa chafufumimba manja ali patsogolo. Anaona bwinobwino, ngati kuti nthawi yaima kuti iwo aonetsetse: mpira unapsopsona udzu, kutalika kwa chala chimodzi, n'kudumphira m'manja mwawo.

Kumtunda kunaphulika. Nthungululu, malikhweru, a Fulaye akuvina ndi nsapato m'manja. Mu chiperoni chimenecho palibe akanaona kanthu. A Dayitoni anagona pamenepo, mpira uli m'manja, fungo la chingambwe lili pafupi kwambiri, ngati munthu wawerama kuti amve bwino.

Yosamu sanathamange. Anadikira phokoso lichepe, nafunsa mwaulemu monga mwa lamulo, thabwa ataliika kale kukhwapa kuti azituluka.

“Malume, mwawakha?”

A Dayitoni anadzuka movutika mpaka kugwada. Anayang'ana mwana amene anamulera, wokonzeka kukhulupirira chilichonse chimene anganene.

“Wagunda pansi,” anatero.

A Fulaye anasiya kuvina. Ena anaseka mokhumudwa, wina anati, “Mwaona? Munthu woona uyu.” Mawu amenewo ndiwo anathyola chimene chinatsala.

“Musanditchule choncho,” anatero a Dayitoni. Mawu awo sanali okwera, koma bwalo lonse linamva. “Yosamu, mwana wa mlongo wanga, uja wa bambo ako unagundanso pansi. Ndinauona ndi maso angawa. Bambo ako sanali a makani, ananena zoona. Wabodza ndinali ine.”

Palibe anakuwa. Amayi anayang'ana pansi. Akuluakulu amene analipo chaka chija, amene anaimba nthungululu ndi kunyamula a Dayitoni pamapewa, anayamba kukanda m'mutu. Yosamu anangoima, thabwa lili kukhwapa, nkhope yake ngati ya munthu amene wauzidwa kuti nyumba imene wakhalamo moyo wonse si yake.

Amene anayenda anali mayi Esinati. Anadutsa bwalo lonse pang'onopang'ono, shawelo ikukwekwereka, nadzaima pamaso pa mchimwene wawo.

“Achimwene, ine ndinkadziwa. Tsiku lija ndinakhala apa, pachulu pomwepa, ndi mwanayu kumbuyo. Ndinaona.”

“Bwanji sunanene, Esinati?”

“Alamu anu anandiletsa. Anati, usawachititse manyazi achimwene ako pagulu, anena okha, ndi munthu wabwino, angofuna nthawi.” Anakonza shawelo. “Mukukumbuka tsiku munabwera kudzawaona, atatsala masiku awiri? Munabweretsa nthochi. Atamva mawu anu panja anandiuza kuti ndiwadzutse, ndiwatsamiritse kukhoma, ndiwapatse malaya oyera. Ankati lero alamu abwera nalo thabwa. Inu munakhala ola lathunthu mukukamba za mvula.”

A Dayitoni analira. Analira ngati mwana, nkhalamba ya mkulu wa mpingo, atagwada pa udzu wonyowa. Zaka zonsezo ankadzitonthoza kuti mwina alamu awo anaiwala, mwina matenda anawachotsa maganizo pa za masewero. Tsopano anadziwa kuti munthu uja anafa akuyang'ana pakhomo.

Kenako anatambasula manja kwa Yosamu. “Ndibwereke thabwalo.”

Yosamu anazengereza, koma anapereka. A Dayitoni anatembenuka, koyamba tsiku lonselo, kuyang'ana ku tiyi. Kunalibe china koma chiperoni ndi chulu. Anafika pamzere, nanyamula thabwa ndi manja awiri.

“Alamu,” anatero. “Alamu Layisoni, mpira uja unagunda pansi. Simunatuluke. Bwererani pabwalo.”

Anadikira. Madzi ankadontha m'masamba a tiyi. Kutali kunalira njiwa, n'kusiya. Thabwa linayamba kuwalemera m'manja, koma palibe analilandira. Anaitananso kachiwiri, kachitatu. Fungo la chingambwe linalipobe, koma silinkayandikira, ngati munthu amene wadikira nthawi yaitali kwambiri moti sakukhulupirira kuti akuitanidwa ndi iye.

Kumbuyo kwawo anthu anali atayamba kubalalika, mantha ndi manyazi zitawagwira pamodzi, aliyense akukoka mwana wake. A Fulaye, posadziwa chochita ndi manja awo, anachita chimene ankachita Loweruka lililonse mdima ukagwa. Anazula zikhomo, nazimanga ndi chingwe, nazinyamula paphewa. Sanalakwe, lamulo ndi lamulo. A Dayitoni sanaone, nsana unali kubwalo.

Pomaliza Yosamu anabwera, nawagwira pamkono. Sanawatchule malume. Anangoti, “Kwada, tiyeni.” A Dayitoni anagoneka thabwa pa udzu, mkati mwa mzere, chogwirira chitaloza ku tiyi, ndipo anapita.

M'mawa kutangoyera, anthu asanayambe kupita kutchalitchi, a Dayitoni anabwerera kubwalo. Anapeza Yosamu ali kale komweko, ataima pafupi ndi chulu, akuyang'ana pansi.

Thabwa panalibe pamene analisiya. Pamzere wa phulusa lonyowa panali phazi limodzi, lakumanzere, lopanda nsapato, la zala zinayi. Linaloza mkati. Kuchokera pamenepo timadontho ta phulusa tinkaoneka pa udzu, phazi ndi phazi, motalikirana ngati munthu wofulumira, mpaka pakati pa bwalo. Awiriwo anatsatira.

Mapaziwo anathera pamalo omenyera. Pamenepo udzu unali wopondekapondeka, ngati munthu anaimapo nthawi yaitali. M'dothi munali timaenje titatu tosaya, pamene nsonga ya thabwa inagogoda. Kumbuyo kwake kunali mabowo atatu opanda kanthu, mmene munali zikhomo. Thabwa linagonekedwa bwinobwino pambali pa mabowowo. Ndipo kuchokera pamenepo mapazi anapitirira, tsopano moyandikana, mwapang'onopang'ono, kudutsa mzere wa mbali inayo, kulowera njira ya kumanda a Kudambo.

“Anabwera,” anatero Yosamu.

“Anabwera,” anayankha a Dayitoni. “Anapeza tazula.”

Kuyambira tsiku limenelo, gu, gu, gu uja sanamvekenso. Mpira ukalowa mu tiyi anthu amaufuna okha theka la ola monga kale. Ena amati mzimu unagona, unamva chimene unkafuna kumva. Mwina n'zoona. Yosamu anatenga miyezi itatu asanatchulenso mawu oti malume, koma anawatchula, ndipo dzina la a makani linachoka pa bambo ake.

A Dayitoni okha ndiwo sanatonthozeke. Anakapempha midzi iwiriyo kuti lamulo laling'ono lija lisinthe, ndipo anthu anavomera, poti palibe akanatha kuwakaniza. Mukadzadutsa kumeneko mudzaona zikhomo zitatu zili chiimire pakati pa bwalo, mvula ndi dzuwa, chiswe chikadya amakhoma zina. Loweruka lililonse, anthu akabalalika, nkhalamba ija inkatsalira. Inkagoneka thabwa patsogolo pa zikhomo, n'kubwerera mapazi makumi awiri, n'kuponya mpira ndi mkono wake wofookawo. Mpira unkagubuduka mpaka kukagunda zikhomo, popanda woumenya. Inkautola, n'kunena chapansipansi kuti, “Ndidzayesanso sabata yamawa, alamu.”